Kaliwo Wagalasi wa Malemu Paskale

Sutikesi ya malemu Paskale inatsegulidwa m'mawa wa tsiku logawa katundu, ndipo woitsegula anali yemwe uja anaikiya: Esnati, mlongo wake wamkulu. Kiyi ankayenda naye pachingwe cha m'khosi chichokereni kumanda, ngati kuti mkazi amene anakhala ndi Paskale mpaka kumera naye imvi akanamubera masokosi.

"Amake Misozi, tulutsani zonse," anatero Esnati. "Mupukute fumbi, muyale pamkeka pansi pa mango. Zonse ndikunena. Ndinaziona ndi maso angawa tsiku lija, mpaka kagalasi kamene kali m'sokosi."

Delia, mkazi wa malemuyo, anati wamva. Akanati chiyani? Anadikira kuti mlamu wakeyo atuluke, kenako anagwada n'kupisa dzanja pansi penipeni pa sutikesiyo, kudutsa malaya a kutchalitchi ndi yunifolomu ya kuloji ya alendo oona nyama. Sokosi ija inalipo. Atangoimasula pang'ono fungo linamuwomba kumaso.

Anali kaliwo wagalasi, wotalikirapo pang'ono kuposa chala chapakati, wokhala ndi kambale kumapeto. Pamene ankafika pakhomopo anali woyera mbee, woti munthu n'kuonera nkhope ya mnzake mbali inayo. Tsopano mkati mwake munali bii ndi phula, ndipo kutsekeredwa m'sutikesi nyengo yonse yotenthayi kunangolikwiyitsa fungolo. Silinali fungo la fodya ayi. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi anyamata oitanira minibasi za ku Chipata akanalidziwa asanapume kachiwiri. Chinali chamba.

Chamba m'sutikesi ya Paskale! Paskale yemwe ankaphunzitsa katekisimu Loweruka lililonse, yemwe ankadzudzula anyamata osuta mpaka ena kumalowa m'tchire akaona njinga yake ikubwera. Pamaliro ake anthu anachokera ku Kawaza, ena kutsika kuchokera kumtunda, ndipo pamanda analankhula zoti munthu wotere sabadwa kawiri. Mwana wake mmodzi yekhayo, Misozi, amene ankaphunzira unamwino ku Chipata, chilichonse chimene angayankhule chinkayamba ndi "atate ankati."

Zoona zake ankazidziwa Delia yekha. Matenda atalowa m'mafupa, mapiritsi anasiya kugwira. Mwamuna amene anayendetsa azungu pakati pa njovu zaka zonse zija osatuluka ngakhale thukuta la mantha, ankaluma pilo kuti anansi asamve kubuula kwake. Mnzake wina wa kuloji ndiye anabweretsa kagalasiko, kosiyidwa ndi mlendo wina, pamodzi ndi kampukutu ka masamba. Paskale anakana, anakana, tsiku lina anasiya kukana. Akasuta ankagona tulo, mwina podzuka n'kupempha phala. Kenako manyazi ankamugwira. Ankafinya dzanja la mkazi wake n'kumati, "Misozi asadziwe, Delia. Ndakupempha, asadziwe." Delia analonjeza. Ankakatsuka kagalasiko yekha kuseri, koma masabata omaliza, munthu ali m'manja, ndani akanakumbukira zotsuka galasi? Anangokakulunga m'sokosi, ndiye Esnati anafika ndi kiyi wake.

Kukaponya m'chimbudzi? Ganizo limenelo linabwera n'kubwerera lokha. Esnati anakaona, ndipo Esnati saiwala ngakhale supuni. Mkazi wamasiye wobisa katundu wa malemu samasulidwa, pomwe lero linali tsiku lake lomasulidwa. Katundu akatha kugawidwa, a Onesmus, amalume ake a Paskale, anali oti amupake ufa pachipumi n'kumuuza kuti mwamuna wake wamusiya, apite kumene akufuna. Chichokereni kumanda Delia ankagona pansi, osaphikira munthu, osapita kumsika wa ku Mfuwe kumene ankagulitsa zitumbuwa, osaloledwa kukwera minibasi kukaona amayi ake amene ankadwala kwawo kumtunda, ku Katete. Koposa zonse, osakhudza mchere. Pabanja limeneli ankanena motsimikiza kuti wamasiye akathira mchere m'ndiwo, odyawo amatupa miyendo n'kuyamba chifuwa chosamva mankhwala. Delia anatopa nazo, anatoperatu, koma anapirira podziwa kuti lero zitha.

Vuto linali mphuno ya a Onesmus. Mkuluyu anagwira usikauti wa nyama mpaka kupuma, ndipo anthu ankati ankapeza msasa wa opha nyama mozembera ndi fungo lokha. Pogawa katundu anali ndi kachitidwe kawo: chinthu chilichonse ankayamba achinyamula, kuchitembenuza uku ndi uku, kenako n'kutchula wochilandira. Kagalasi kameneka akangokanyamula kali chonchi, pamaso pa Misozi ndi anthu a kutchalitchi, ndiye kuti Paskale wafanso kachiwiri.

Delia anayala malaya, mabulangete, wailesi ndi nsapato pamkeka mofulumira. Kenako anatenga beseni, lezala la malemu ndi magalasi ake a maso, n'kunena mokweza kuti akukazipukuta. Pansi m'besenimo munali sokosi ija, thumba la pulasitiki la shuga, ndi kabotolo ka sipiliti wofiirira amene ankatsukira zilonda za mwamuna wake. Analowa kuseri kwa bafa ya udzu, kumene munthu waulemu sayenda dala, n'kunjuta pansi.

Anayamba ndi madzi ofunda ndi sopo. Otentha sakanayerekeza, galasi limang'aluka. Anapisamo nthenga ya nkhuku, nthenga inatuluka yakuda, phula lili pompo. Anayesa kaudzu, kaudzu kanathyokera m'khosi mwa kaliwoyo ndipo anavutika nako kukatulutsa. Anaika kagalasiko m'thumba, n'kuthiramo theka la sipiliti uja, n'kukhutchumula. Sipiliti anasanduka wa mtundu wa tiyi, phula linafewa, koma kuchoka ayi, linangomatirira m'mbali ngati utomoni. Anatapa mchenga pang'ono n'kuthiramo. Asa! Mchenga unagwirana ndi phulalo n'kukhala matope, n'kutseka kabowo kamene kanali kotseguka kale.

Njira yake ankaidziwa, n'chifukwa chake ankazengereza. Sipiliti amasungunula, koma chopala ndi mchere, mchere wamiyala uja. Umakwecha mkati monse osakanda galasi, ndipo ukatsukuluza ndi madzi umasungunuka osasiya kanthu. Mnzake wa Paskale uja ndiye anawaphunzitsa, ndipo Delia anachitapo kambirimbiri. Koma nthawi imeneyo anali mkazi wa munthu.

Pamwamba panadutsa ndege ikutsikira kubwalo la ku Mfuwe. Pabwalo la nyumba mawu a anthu ankachuluka. Anamva belu la njinga, kenako mawu aja osathamanga, "Mwaswera bwanji nonse pano?" Amayi onse anayankha pamodzi. A Onesmus anali atafika.

Delia anabisa thumbalo m'udzu wa bafa n'kudzuka.

Kukhitchini, pansi pa denga la udzu, nyama ya mbuzi inkawira pa nkhuni za tsanya. Woyang'anira mphika anali a Margaret, amayi aang'ono a Paskale, munthu wa pakamwa posatseka komanso wamantha ndi miyambo moti ankalavula malovu akamva kadzidzi pawailesi. Thumba la mchere linali pa mtondo wovundikira, pambali pawo penipeni. Delia anaima kumbuyo kwa nkhokwe n'kumadikira. A Margaret anavundula, analawa msuzi, anapukusa mutu. Kenako anapukuta manja n'kunyamuka kukagwadira achimwene awo a Onesmus.

Delia sanadziwe kuti wafika bwanji pa mtondopo. Dzanja linaima pakamwa pa thumba. Anali mkhristu, ankadziuza kuti mchere ndi mchere basi, koma anakulira m'manja mwa amayi amene ankaopa zomwezi, ndipo mantha a paubwana sachoka ndi madzi a ubatizo. "Sindikuthira m'ndiwo, Ambuye mukuona," ananong'ona. Anapisa dzanja, anatapa chodzaza chikhatho, n'kumangirira pa nsonga ya chitenje.

"Inu, mukufuna chiyani kukhitchini?"

A Margaret anali atabwerera, maso ali tong'o.

"Madzi ofunda, amayi. Ndikupukuta lezala la malemu."

"Mukanatuma mwana. Chokaniko kuno, musandiyandikire mphika. Zatsala pang'ono kutha, mukulephera kupirira?"

Delia anatunga madzi pang'ono m'kapu n'kuchoka, nsonga ya chitenje ataifumbatira pamimba. Podutsa pakhonde Misozi anamuitana, ali ndi chipewa cha atate ake m'manja, maso ofiira.

"Amayi, ndikapempha agogo a Onesmus kuti chipewachi andisiyire, adzavomera?"

"Pempha, mwanawe," anayankha Delia osaima. Anaona kuti mwanayo zamupweteka, koma sakanachitira mwina.

Kuseri kwa bafa anathira mchere wonse m'thumba, mbali ina n'kuukankhira m'kambale ka kaliwo ndi chala, n'kutsanuliramo sipiliti yense wotsala. Anamanga thumba pakamwa n'kuyamba kukhutchumula. Tseketseke, tseketseke. Mayo, phokoso lake! Kwa iye linkamveka ngati maseche a kwaya. Analikulunga thumbalo m'chitenje kuti lisamveke, n'kumakhutchumulabe, mkono ukuwawa, thukuta likulowa m'maso. Atasuzumira anaona phula likusendeka m'zidutswa, galasi likuyamba kuonekera m'mbali. Madzi a m'thumbamo anali atada bii, ndipo fungo lake linali loti ngakhale mbuzi ikanatembenuka.

"Faifi minitsi ndinakupatsani, amake Misozi, anthu akudikira. Mukuchita chiyani kuno?"

Esnati anali ataima pakona pa bafa, manja m'chiuno. Delia anayesa kubisa thumba kumsana, koma mochedwa. Esnati anafika, analanda, anamasula pakamwa pake n'kununkhiza. Nkhope yake inasintha. Ananunkhizanso.

"Ichi n'chiyani?" Mawu anatsika mpaka kunong'ona. "Delia, ichi n'chiyani m'katundu wa mlongo wanga?"

"Mwachidziwa kale, alamu."

"Mukunama. N'chanu. Mwachiika ndinu."

"Kiyi anali ndi ndani?"

Delia anafotokoza mwachidule, nthawi yofotokoza bwino panalibe: za mapiritsi osagwira, za pilo wolumidwa mpaka kung'ambika, za lonjezo. Sanalire. Ankalankhula maso ali pa thumba, kuopa kuti mlamu wakeyo aligwetsa.

"Ankandiuza kuti akupezako bwino," anatero Esnati. "Ndikabwera ankandiseketsa."

"Ankasuta akamva kuti mukubwera."

Esnati anakhala pansi, pafumbi pomwepo, mkazi amene sankakhala popanda mkeka. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyang'ana timiyala toyera m'thumbamo.

"Uwu ndi mchere?"

"Popanda mchere sichichoka."

"Mayo ine! Mwaukhudza? Ndi dzanja lanu?"

"Mukanakonda amalume anunkhize?"

Esnati anavuula kaliwoyo m'thumba, n'kukhuthulira madzi akudawo m'tsinde mwa udzu wa bafa, n'kukankhirapo dothi ndi phazi. "Thirani madzi," anatero. Delia anathira, Esnati akutembenuza. Anatsukuluza ndi sopo, anatsukuluzanso, mpaka kagalasiko kanayera mbee, dzuwa kumadutsamo. Esnati anakanunkhiza mbali zonse ziwiri, n'kukabisa m'chitenje chake. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni pabanjali, Delia anamva kuti ali ndi mnzake.

Pomwepo mfuu inamveka kukhitchini.

"Tafa! Abale, tafa ife! Bwerani mudzaone!"

Atatulukira pabwalo anapeza anthu onse ataimirira. A Margaret anali pakati, thumba la mchere m'manja, akulipendeketsa kuti aliyense aone. Pa mchere woyerawo panali mikwingwirima ya zala, yofiirira ndi yakuda. Delia anayang'ana dzanja lake. Sipiliti ndi phula zinali zitalowa m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya zala, ndipo sopo sanazichotse.

"Ndinamupeza kukhitchini, ati madzi ofunda!" a Margaret ankakuwa, akusakaniza ndi Chikunda monga ankachitira akapsa mtima. "Ine osadziwa ndatapa momwemu, ndathira mumphika, ndalawa. Chiwindi ndapatsa achimwene, adya! Onani manja akewo, onani!"

Anthu anamuyang'ana manja. Amayi a kutchalitchi amene anabwera kudzapemphera anasuntha pang'ono, ngati kuti kutupa miyendo kumadumpha. Misozi anali pakhonde, dzanja pakamwa.

A Onesmus okha ndiwo sanadzuke pampando. Anali munthu wofatsa, ndipo Delia ankawakonda. Nthawi ya matenda ankabwera ndi nsomba zouma n'kukhala ndi wodwalayo osamutopetsa ndi mafunso. Anatambasula dzanja, a Margaret anawapatsa thumba. Analiyandikitsa kumphuno.

"Si mankhwala awa, Margaret, tsitsa mawu. Ndi sipiliti." Anatembenukira kwa Delia, amene anali atagwada patali monga mpongozi. "Amake Misozi, sipiliti ndi wa chiyani?"

"Ndimapukutira lezala ndi magalasi a malemu, apongozi."

"Chabwino. Nanga mchere?"

"Dzino. Limandiwawa, ndimafuna kuchukucha."

"Dzino!" a Margaret anaomba m'manja. "Dzino lake la mvuu? Onani dzenje wasiyamo!"

A Onesmus anakweza dzanja, a Margaret anakhala chete. Mkuluyo anayang'ananso m'thumba, makamaka pa zakuda zija. Anatapa kamwala kamodzi kodetsedwa, anakafikisa pakati pa zala, n'kununkhiza. Anakwinya pamphumi, ngati munthu amene wamva nyimbo yoidziwa koma dzina lamuthawa. Kenako maso awo anatsika pansi. Kuchokera kukhitchini, kudutsa pakhonde, timiyala ta mchere tinali titagwa apa ndi apo, tikunyezimira padzuwa, kulunjika kuseri kwa bafa. Munthu wina sakanationa. Koma awa anali a Onesmus.

"Pali china chimene sindikuchimvetsa," anatero, akufufuza ndodo yawo. "Mwana uyu ndimamudziwa, si wachipongwe. Tiyeni tikaone kumene mcherewu unapita, mwina tikumunamizira."

Ankafuna kumuthandiza, abale, ndicho chinapweteka. Anadzuka pang'onopang'ono n'kuyamba kutsata timiyala tija. Kuseri kuja dothi linali lonyowabe, thumba la pulasitiki lili pomwepo, sokosi ili pomwepo. Akangofika, mphuno ija imaliza yokha. Akati anene kuti amatsuka kaliwo, funso lotsatira likhala lakuti munali chiyani m'kaliwomo choti wamasiye n'kuswera mwambo.

Delia anayang'ana Esnati. Mawu amodzi okha a Esnati akanakwana: kuti ndine ndinamutuma, kuti ndine ndinatapa, chilichonse. Iye anali mlongo wamkulu wa malemu, akanamukalipira pang'ono nkhani n'kutha. Koma Esnati anali ataima njo, dzanja lili pa chitenje pamene anabisa kagalasi, maso ali pa zala za kumapazi. Nayenso ankaopa mcherewo, ndipo kunena kuti anadziwa kukanamuika pamodzi ndi wolakwa.

A Onesmus anali atafika pakhonde. Misozi anawapatukira.

"Ndinathira mumphika."

Delia anadabwa kumva mawu ake omwe akutuluka mokweza chotero. Ndodo ya a Onesmus inaima.

"Mwati bwanji?"

"Musavutike kupita kuseri, apongozi, kulibe kanthu. Wotsala ndi umene ndinakataya kumeneko. Ndinatapa mchere n'kuthira mumphika amayi atachokapo. Dala."

A Onesmus anatembenuka.

"Chifukwa chiyani, mwana wanga?"

Apa Delia anadziwa kuti bodza lofewa silingawabweze. Linafunika loti liwapse mtima mpaka aiwale timiyala tija. Anadzuka pamene anagwada, anaimirira pamaso pa apongozi ake, chinthu chimene sanachitepo.

"Ndatopa nazo za kuchigwa kuno. Mwandigoneka pansi ngati galu, mwandikaniza kukaona amayi anga, mukuti ndili ndi imfa m'manja. Manja omwewa ndi amene ankamusambitsa mwana wanu inu muli kwanu. Ndimafuna mudye nonse, ndione amene atupe."

Zina mwa zimenezi zinali zoona, n'chifukwa chake zinatuluka bwino. A Margaret anagwira pachifuwa n'kuyamba kutsokomola nthawi yomweyo. Wina anati, "Anthu a kumtunda!" Wina anati wakhala akuonekera kale. Amayi a kutchalitchi anayang'anizana. A Onesmus anamuyang'ana Delia nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo munalibe ukali, munali chisoni chokha. Anabwerera kumpando wawo n'kukhala pansi molemera.

"Ine ndinabwera ndi ufa wanga," anatero. "Ndinati lero ndimumasule mwana amene anasamala Paskale wathu. Esnati, ndiwe mlongo wake wamkulu. Nena."

Esnati anakweza mutu, koma osati kumene kunali Delia. Mawu ake anatuluka owuma.

"Nyama itayidwe. Amene adya aja apatsidwe mankhwala lero lomwe. Amake Misozi sangamasulidwe ndi mtima umenewu. Akhale momwe alili mpaka tikolole, tidzaone ngati pakhomo pano padwale munthu."

Mpaka kukolola! Mvula inali isanagwe n'komwe. Delia anaganiza za amayi ake ku Katete, ndipo anadziwa mumtima kuti mwina sadzawapeza. Anafuna kukuwa, anafuna kuthamangira Esnati n'kumuvula chitenje kuti kagalasiko kagwe pansi anthu onse aone. Anangokhala pansi, pafumbi, kutali ndi mkeka.

Katundu anagawidwabe, mwakachetechete, ngati anthu akudya pamaliro. Wailesi inapita kwa uyu, njinga kwa uyo. Chipewa anapatsa Misozi asanapemphe n'komwe. Chakumapeto Esnati anasendera pamkeka n'kuikapo kagalasi kaja pakati pa makapu. A Onesmus anakanyamula. Anakatembenuza uku, anakatembenuza uku, anakayang'anitsa kudzuwa. Kenako anakayandikitsa kumphuno.

"Sopo," anatero mkuluyo. "Kaliwo uyu, wa azungu. Paskale n'kutolera zinthu zoti alibe nazo ntchito! Onani, moto sunalowemo n'kamodzi komwe." Anthu ena anaseka pang'ono, kuseka koyamba tsiku limenelo. "Misozi, tenga. Uziikamo duwa, uzikumbukira kuti atate ako anasunga kaliwo m'nyumba koma utsi sanaulawe."

Misozi analandira ndi manja awiri.

Anthu atayamba kubalalika, a Margaret analamula kuti nyamayo akaikwirire mwini kuiwononga, agalu angafukule. Delia anatenga khasu, anasenza mphika wolemerawo yekha, n'kupita nawo kuseri kwa bafa. Anasankha pamene panali ponyowa paja. Dothi la Okutobala linali gwa, khasu linkangodumpha. Anakumba, anaponyamo thumba la pulasitiki ndi sokosi, n'kukhuthulirapo nyama yonse pamwamba.

Akukwirira anamva mapazi. Anali Misozi, chipewa kumutu, kagalasi kali m'manja. Anaima patali, ngati amayi a kutchalitchi aja.

"Amayi, ine za mchere sindizikhulupirira, mukudziwa. Koma lero? Tsiku la atate?" anatero Misozi. "Atate sanatichititsepo manyazi ngakhale kamodzi. Moyo wawo wonse. Inu simunathe kupirira mpaka madzulo okha?"

Delia anatsamira khasu. Anamuyang'ana mwana wakeyo, nkhope ya Paskale yeniyeni.

"Zoona," anatero. "Atate ako sanatichititsepo manyazi."

Misozi anadikira kuti mwina amva zina, kupepesa kapena chifukwa. Sanamve kanthu. Anatembenuka n'kumapita kwa azakhali ake a Esnati, ndipo Delia anapitiriza kukwirira dzenje lija.